Nditumizireni Khofi Woipayo, Amama

Ndirande, Blantyre
Ogasiti 2024

Okondedwa Amama,

Mwaghona! Ndayamba ndi moni wakwathu kuti musanene kuti Blantyre wandiiwalitsa chilankhulo. Muli bwanji ku Misukuko? Bondo lija likukulolani kutsika kumunda? Nanga Adada, chifuwa chinawasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi lachuluka ndipo madzi akumabwera kumpopi akafuna okha.

Phukusi lafika. Welcome, kondakitala wa basi uja, anandipatsira m'manja, uchi osatayika ngakhale dontho. Ndathokoza kwambiri. Koma nditamasula thumba la khofi ndinangokhala pansi, osadziwa kaya ndiseke kaya ndilire. Njere iliyonse yoyera, yonenepa, yofanana ndi inzake.

Ndinamuimbira mlongo wanga Sosten, ndipo sanabise. Akuti munakhala pamphasa ndi lichero n'kumasankha imodziimodzi. Akuti atakukumbutsani kuti ine ndinapempha khofi woipa, munamuyankha kuti mwana wanu sangakaonetse aphunzitsi ake zinyalala ngati kwawo kulibe anthu. Amama inu! Ndakwiya, komanso ndakusowani kwambiri.

Mwina vuto ndi langa, sindinafotokoze bwino ntchito yanga. Kuyunivesite kuno tili ndi kamera yobwereka kuchokera kunja. Sijambula ngati zija za pa ukwati. Imaona kuwala kwina kumene maso athu saona, kotchedwa infuraredi ya mafunde aafupi. Madzi amameza kuwala kumeneko, choncho chinthu chonyowa chimaoneka chakuda. Tsiku loyamba ndinaika kapu ya madzi akumwa, pakompyuta anaoneka bii ngati oyilo wakutha wa m'chigayo. Nditadzijambula ndekha, tsitsi linatuluka loyera mbuu, moti Chrissy, mnzanga amene timagwira limodzi, mpaka lero amandiitana kuti agogo.

Ine ndikufuna kamerayi idzatiuze khofi amene wauma zenizeni ndi amene wauma kunja kokha. Mukukumbuka chaka chatha, matumba athu atabwezedwa kogulitsira kuti ayamba chuku. Khofi uja pathandala ankaoneka bwinobwino, koma nkhungu yochokera kunkhalango ya Mughese inali itamusiyira chinyontho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adada anakwera nawo phiri kubwerera kunyumba, ndipo nkhope yawo ya tsiku limenelo sindinaiiwale.

Koma kamera payokha ilibe nzeru. Ndimajambula njere zambiri, zabwino ndi zoipa, n'kumaiuza kompyuta kuti iyi ndi yotere, iyi ndi yotere, mpaka izolowere. Panopa kompyuta yanga ili ngati mwana woleredwa kumpanda, imaganiza kuti khofi yense wa ku Misuku ndi wabwino. Ndinaiyesa ndi njere yovunda imene ndinatola mumsika, inaivomera ndi manja awiri. Chrissy anaseka mpaka misozi, ine osaseka ayi.

Kamerayi ibwerera kwa eni ake kumapeto kwa Okutobala. Ikapita ndisanamalize, zaka ziwiri zimene ndakhala kuno zapita pachabe. Aphunzitsi anga andilangiza kuti ndisiye za kwathu, nditenge khofi wa m'maesiteti a ku Thyolo, poti ndi pafupi ndipo eni ake sachita manyazi kupereka woipa. Ananena mwachifundo, sindikuwada. Koma ndinakana. Khofi wa kumeneko amauma mosiyana ndi wathu, ndipo sindinachoke ku Chitipa kuti ndidzapange chida chodziwa minda ya mabwana koma chosadziwa munda wa mayi anga. Ndimaliza ndi khofi wa ku Misuku, zivute zitani.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni woipayo. Woyandama uja mumaungula pamwamba pa madzi, wakuda, wofumbwa, wa chuku wa pansi pa thumba, ndi wina wochotsa pathandala asanaume. Mtundu uliwonse m'jumbo yakeyake, mumange kwambiri kuti chinyontho chisathawe. Musapete, musatsuke, musayanikenso. Ndikukudziwani, mungathe kumuyanika mobisa Sosten atapita kudimba.

Wathu yekha sakwanira, choncho mupemphekonso kwa amalume a Petros. Adzayamba akana kuti kwawo khofi saola. Muwauze kuti ndinakulira pakhomo pawo ndipo dzala lawo ndikulidziwa pamene lili. Mukapanda kutumiza, ndikwera basi ndekha, ndidzatole kudzalako masana anthu akuchokera kutchalitchi. Musankhe nokha manyazi amene ali opepuka.

Ndikuseka, koma ndikudziwa kuti chimene ndikupempha n'cholemera. Chibadwire changa sindinaonepo chinthu choipa chikutuluka pakhomo panu. Mlendo mumamupatsa nthochi yakupsa bwino, yobanika mumadya nokha kukhitchini. Ifenso munatilera choncho, ndipo ndimanyadira. Koma zoipa zimene takhala tikubisazi ndi zomwe zimatibwezetsa kogulitsira, ndipo sindingazithetse ndisanazione.

Mundiperekere moni kwa Adada, muwauze kuti jekete lawo ndagula, libwera ndi Welcome. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa Sosten ndi alamu anga, ndi kwa kamwana kawo kakhanda kamene sindinakanyamulebe. Mulungu akusungeni nonse.

Mwandipatsa zabwino zokhazokha moyo wanga wonse, Amama. Kamodzi kokhaka, tsinzinani, mundipatse zoipa.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Eluby