Dzanja la a Chipewa

Lachisanu, 28 Febuluwale

Atiikira tchati pa sikirini yaikulu ija ya pafupi ndi lifiti. Aliyense dzina lake, pambali pake mzere wosonyeza kuchuluka kwa khodi ya mapulogalamu a kompyuta imene walemba miyezi yapitayi. Wanga wautali ngati chingwe choyanikira zovala. Wa a Chipewa kadontho chabe. Anthu amaima, kuyang'ana, kenako kuwaponyera diso la m'mbali mkuluyo.

Bodza lenileni! Ine ndi a Chipewa timagwira awiriawiri pa kompyuta imodzi, yanga. Ine ndimataipa, iwo amanena. Makina amangolemba dzina la mwini kompyuta, sadziwa kuti nzeru yachokera m'mutu mwa yani. Pulogalamu yonse yolondolera katundu wa makasitomala ija, mafupa ake ndi awo, ine ndimangomata mnofu.

A Changu, bwana wa gulu lathu, akuti tchaticho ndi "chongotithandiza kuonana". Aaa, ifenso ndi ana?

Lachiwiri, 4 Malichi

Zamveka. Akulikulu akufuna gulu lililonse lichotse munthu mmodzi mwezi usanathe. M'khitchini ndinamva wina akunong'ona kuti "kwa a Changu nkosavuta, tchati chawasankhira kale". 

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinawakokera a Chipewa pa masitepe a kumbuyo, kumene sikupita anthu. Ndinati achikulire, tiyeni tikawauze a Changu chifukwa chake simutaipa. Anatulutsa dzanja lamanja m'thumba la jekete n'kuliyang'ana likunjenjemera lokha ngati la munthu wina. Chiyambireni chaka chatha, ndipo muofesi monse ndikudziwa ine ndekha.

"Mwanangu, kuno wodwala samuchotsa lero, amamumwetulira kaye. Kenako amamupatsa ntchito yokonza misonkhano mpaka atatopa yekha. Ndikupempha, usanene."

Ndinati nanga akakuchotsani? Akuti bola kuchoka ngati waulesi kusiyana ndi kukhala ngati womvetsa chisoni. Kuuma mutu kwa madalawa! Ndinalonjeza. Sindikudziwa kuti pakamwa panga panavomera bwanji.

Lachinayi, 6 Malichi

A Changu anditamanda pamsonkhano woimirira wa m'mawa, pamaso pa onse. A Chipewa ndiwo anayamba kuwomba m'manja, dzanja lina likumenya pantchafu. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndinapeza nzeru, kapena ndinkaganiza choncho: tizigwirira pa kompyuta ya a Chipewa, ndizitaipa m'dzina lawo, mzere wawo ukule. Anakana asanamve n'komwe zonse. Kulowa m'dzina la mnzako ndi mlandu wochotsetsa ntchito tsiku lomwelo, a zachitetezo amaona chilichonse. "Ukufuna tichoke tonse awiri titagwirana manja?"

Ndayesanso kulemba dzina lawo m'mawu ofotokozera khodi iliyonse imene tatumiza. Tchati sichiwerenga zimenezo. Kadontho kali pomwepo, phee.

Lamlungu, 9 Malichi

Achemwali anabwera kudzaona mwana wanga. Ndinawafotokozera ndikuchapa mbale, osatchula matendawo. Iwo osazungulira: "Iwe uli ndi mwana wa sukulu. Ukakawauza kuti ntchitoyo si yako, ukuganiza achotsa ndani?" Ndinati nanga ndidye thukuta la munthu? Akuti, "Wakupempha yekha kuti ukhale chete, ndiye vuto lili pati? Usamadziyese mpulumutsi."

Chondinyansa n'chakuti penapake mumtima ndinamva kupepukidwa. Ndine munthu wanji ine?

Lolemba, 10 Malichi

Tinagwira tsiku lonse osatchula kanthu. Cholakwika chimene chativutitsa kuyambira sabata yatha, katundu kuoneka kawiri m'nyumba yosungiramo, a Chipewa anachipeza atatsinzina, akungosisita chipewa chawo. "Bwerera mmwamba. Ayi, mmwambanso. Apo." Ndinakonza, mayeso onse a pulogalamu anabiriwira kusonyeza kuti zatheka. Dzina lotuluka: langa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinaona mayi wa ku ofesi yoona za antchito akulowa kwa a Changu, n'kutseka chitseko. Magalasi a ofesi yawo sabisa kanthu. A Changu analoza mbali yathu ndi chibwano. Ndinasiya kutaipa. A Chipewa anati "wasiyiranji, lemba", ngati sanaone. Anaona.

Ndagwira njakata. Ndikanena, ndaphwanya lonjezo, mwinanso ndadzikumbira dzenje. Ndikapanda kunena, munthu akupita ine ndikuyang'ana.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndanena.

A Chipewa atapita kukadya, ndinagogoda kwa a Changu. Ndinakhuthula zonse: kompyuta imodzi, wonena ndi wotaipa, dzanja. A Changu anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Ndiye mzere wautali uja ndi wa ndani?" Ndinati wa tonse, koma mukaudula pakati mbali yaikulu si yanga. Anati andimva. Za ine anangoti "tiona".

Ndinapita kuchimbudzi kukasamba kumaso. Ndikuopa, koma osati a Changu.

Lachinayi, 13 Malichi

A Changu anawaitana a Chipewa m'mawa. Ndinakhala ndikuyang'ana sikirini osaona chilembo n'chimodzi chomwe. Atatuluka anabwera pang'onopang'ono, n'kukhala pa mpando wawo pambali panga.

"Akuti sindichoka. Akuti andithandiza." Mawu akuti andithandiza anawatchula ngati akulavula mankhwala owawa. "Munawauza, mayi."

Mayi. Osati mwanangu. Ndinati eya, achikulire, pepani, koma... Anakweza dzanja lamanzere kuti ndisapitirize.

"Ndinakupemphani."

Anakoka kiyibodi kuichotsa patsogolo panga, n'kutulutsa dzanja lija m'thumba, poyera, ofesi yonse ikuona. Anayamba kutaipa okha. Chala chimaphonya, amafufuta, kuyambiranso. Anzathu a tebulo la kutsogolo anavala zomvera m'makutu n'kuweramira pansi. Mzere umodzi unawatengera nthawi imene ine ndikanamaliza tsamba.

Pamzere wachiwiri anaiwala kutseka bulaketi. Ndinaliona.  Manja anga ndinawakhalira.