Siteshoni ya Pawindo

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Dzuwa loswa mtengo.

Lero mtima sunakhale pansi. Mwana wanga Esinala wabwera m'mawa kuchokera ku Lilongwe ndi katoni. M'katimo muli tizidutswa ta kasiteshoni ka sitima, timakoma, denga, tizitseko, ndi guluu. Akuti, "Bambo, munakalambira pa njanji pa Golomoti pano, mangani aka, manja asaume."

Ndamanga pang'onopang'ono, khoma ndi khoma, ndipo kaima bwino ndithu. Koma nditafunsa za penti, iye waseka. "Ndaiwala kunyumba ku Lilongwe, tipitira limodzi mukapakire konko. Mukangokhala sabata imodzi basi."

Esinala saiwala kanthu. Mchere sanaiwale, sopo sanaiwale, lero aiwale penti? Achimwene anga anatengedwa chomwechi ndi ana awo, ati sabata imodzi. Anabwerako m'bokosi, munda wawo akulima ena. Ndamuonanso Esinala akuyang'anitsitsa malaya anga pachingwe.

Atapita kumsika, ndakumba katondo kuseri kwa nkhokwe, ndasefa, ndasungunula m'kachitini. Makoma ndapaka ndi nthenga ya nkhuku, denga ndapaka makala osinja. Kenaka guluu wotsala yense ndathira kunsi kwa kasiteshoniko, ndakamata pa thabwa la windo langa.

Pobwera wakagwedeza, osasuntha. "Bambo, mwatani apa?"

Ndati, "Siteshoni siyenda, mayi. Choyenda ndi sitima."

Wangopita kukaphika. Ndinayesa ndapambana. Koma pano ndikuyang'ana pamsomali pomwe ndimakoleka chikwama changa cha paulendo, chikwamacho palibe, ndipo sindikudziwa kuti wachichotsa nthawi yanji...