Mawu a Mtsikana pa Tepi ya Achimwene

Lachiwiri, 2 Juni 1992
Masana, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja. Kuzizira. Achimwene a Lodwick abwereka wailesi ya kaseti ku Salima. Nyimbo zawo saimba, amayankhula mothamanga, akuti ndi rapu. Ng'oma alibe. Akuti, "Lena, sinja mpunga, munsi wakowo ndiye ng'oma." Ndasinja, iwo akujambula kuseri kwa nkhokwe. Nyimbo ya makadi a chipani, mayi wapakati kugulira khadi mwana wosabadwa. Pobwereza pake ndaimba ine, maso ali mumtondo. Manyazi.

Loweruka, 13 Juni
Tepi ili paliponse. Asodzi apita nayo ku Mbenji. M'golosale ku Lifuwu akuiyika chapansipansi. Achimwene akuyenda ngati tambala. Amayi sakudya.

Lolemba, 15 Juni
Anyamata a chipani, a zibonga, abwera pa lole. Awapeza achimwene kumunda, awagwetsa m'matope. Zibonga, nsapato kumaso, mano pansi. Funso limodzi: "Mtsikana akuimbayo ndani?" Achimwene akuti ndi wa ku Lilongwe, dzina sakulidziwa. Awapana zala ndi chitseko cha lole. Ndinamva kuthyoka. Ndinali pomwepo, mtolo wa mpunga pamutu. Achimwene sanandiyang'ane n'komwe. Anyamatawo apita nawo.

Lachinayi, 18 Juni
Atsikana tonse pabwalo la sukulu. Kuimba mmodzimmodzi, anyamata a zibonga aja akufanizira ndi tepi. Pofika pa ine, wamkulu wawo anaseka: "Kameneka? Ngakhale moni sikayankha." Anandidumpha. Atenga Benedicta wa kwaya. Mbama, magazi kukhutu. Ankangoti si ine, si ine. Amutsekera m'kanyumba momwe muli achimwene.

Lachisanu, 19 Juni
Amake Benedicta abwera m'mamawa, mwana wa Benedicta kumsana. Mwanayo ngwoyamwa, kulira mpaka mawu kusasa. Akhala pamphasa ndi amayi, akuti tilire limodzi, tsoka lathu ndi limodzi. Andigwira dzanja. Akuti, "Iwe mwanawe, ufatse choncho, ukhalitsa."

Atapita, amayi anandikokera m'nyumba, kundifinya mkono. "Mchimwene wako wathyoledwa zala kuti iwe ukhale. Utseke pakamwa." Ndiye kuti ankadziwa.

Lole ibweranso m'mawa uno kutengera achimwene ndi Benedicta kuboma. Opita kumeneko sabwerako msanga. Ena sabwerako.

Ndasamba. Amayi ali kudambo. Ndikupita kwa anyamata a zibonga aja. Mawu onse a nyimboyo ndikuwakumbukira. Akapanda kundikhulupirira, ndiwaimbira.

Ndalekeza Lachisanu, 8 koloko m'mawa.