Muli ndi Zingati?

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Chinsapo tilipo. Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukabwera ndi uthenga woipa. Mlongo wanga Esnart anabereka mwana wamkazi mu Okutobala, ndipo tinamutcha dzina lanu. Akamalira amakwinya pamphumi ndendende inuyo mukamva mtengo wa belo la kaunjika. Mwana wanga Chikondi wayamba sitandade wani, akuti adzakhala dalaivala wa ndege. Mpapaya munadzala kuseri kwa bafa uja wabereka, koma akudya ndi ana a aneba. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja.

Chimanga chomaliza cha m'munda wanu wa ku Njewa tinakolola matumba khumi ndi awiri. Ndati chomaliza, Amayi, chifukwa mundawo tinagulitsa.

Musakwiye msanga, poti zokwiyitsa zenizeni zili kutsogoloku. Tauni yafika ku Njewa, anthu akugula minda n'kumadula mapuloti. Bambo a kunyumba kwa Esnart ntchito inawathera, ndiye tinagwirizana kuti tigulitse mundawo tigule pikapu. Ine ndizikatenga tomato ndi kabichi ku Mitundu, Esnart azigulitsa kumsika. Mwa chikhalidwe chathu cha ku Chiradzulu, inu mutatisiya mundawo unali wa Esnart, mwana wamkazi, koma ndalama zitabwera anazikankhira kwa ine osawerenga n'komwe. Anati, "Achimwene, mwini mbumba ndinu, sungani."

Loweruka lotsatira ndinapita ku Biwi ndi dobadoba wina dzina lake Fulaye, mmodzi mwa aja amakumanitsa ogula ndi ogulitsa n'kudya mbali zonse ziwiri. Pikapuyo inalipodi, yoyera, yonyansa, yooneka kuti ntchito imaidziwa. Koma pambali pake panaima galimoto ina yakuda, yachijeremani, yochokera ku Joni. Zitseko zinayi, mipando yachikopa, mimba pafupi ndi dothi. Fulaye anaona kumene maso anga anapita.

"Bigi, tangokhalanimo," anatero. "Kukhala n'kwaulere."

Ndinakhalamo. Kenako tinalowa msewu wa ku Mchinji ine ndili pachiwongolero. Ndinangoponda pang'ono, msana wanga n'kumatirira kumpando, mitengo n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Amayi, zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikupanikizana m'minibasi anthu anayi mpando umodzi, dengu la wina lili pamiyendo panga. Tsiku limenelo maminibasi ankandipatukira. Ndinaseka ndekha, mano onse panja, Fulaye akundiyang'ana.

Malamulo anu ogulira katundu ndimawadziwa pamtima, poti munandiphunzitsa ndili wamng'ono, titakhala pa mulu wa malaya ku msika wa Kawale. Munkati, "Tembenuza kaye uone msoko, kunja aliyense amasita." Munkatinso, "Ukachikonda, nkhope isadziwe." Ndipo lachitatu munkalinena mutandigwira khutu: "Wogulitsa akakufunsa kuti uli ndi zingati, usayankhe, ameneyo akuyeza thumba lako, osati katundu wake." Onse atatu ndinawaphwanya dzuwa lisanafike paliwombo.

Boneti sindinatsekule. Nkhope inali itandiulula kale. Ndipo nditafunsa mtengo, mwini galimotoyo, bambo wonenepa wa makiyi ambiri palamba, anangomwetulira.

"Mtengo tigwirizana, achimwene. Inuyo muli ndi zingati?"

Ndinayankha, Amayi. Ndinatchula zonse, K800,000, munda wanu wonse kuyambira kumsewu mpaka pachulu paja. Bamboyo anaimba likhweru, anapukusa mutu, anati ndikumupha, koma poti ndine m'bale avomera. Ndinabwera kunyumba ndikudziyesa katswiri wonenerera. Zinanditengera sabata yathunthu kuti ndidzifunse: zinatheka bwanji kuti galimoto yochokera ku Joni ndi munda wa ku Njewa zifanane mtengo mpaka tambala yomaliza?

Anandiyankha ndi bambo Yusufu, makaniko wa ku Kawale uja munkamusungira majekete. Ndinapita kwa iwo galimoto itayamba kugwedezeka posintha giya. Analowa kunsi, anatuluka, anapukuta manja. Kenako anati giyabokisi ndi yotha, munathiridwa oilo wolimba kuti isamveke, ndipo imaonetsa matenda ake ikatentha, munthu atayenda kamtunda. Zipangizo zake kuno kulibe, mpaka kuitanitsa ku Joni. Mtengo woyenera, anatero, unali theka la zimene ndinapereka. Anandifunsa kuti, "Mwana wa mayi aja, bwanji sunabwere kaye kuno?" Ku Biwi ndinabwererako, koma bambo wa makiyi uja anangoti zogulidwa kale sizibwezedwa, ndipo Fulaye foni yake siikupezekanso.

Msewu wobwera kwathu kuno mukuudziwa. Galimoto imeneyi anaipangira misewu ina, kuno imakhula mimba pa bampu aliyense. Mvula ya mu Disembala inakumba ngalande pageti penipeni, ndipo kuyambira pamenepo ili mumpanda, siingatuluke. Nkhuku za mayi a Chikondi zapeza mthunzi. Ine m'mawa uliwonse ndimaipukuta, ndimailiza pang'ono kuti batire isafe, kenako ndimapita kukakwera minibasi.

Choseketsa n'chakuti anthu akunditcha bwana. Pamaliro akundipatsa mpando wa pulasitiki kutsogolo. Kutchalitchi andiika m'komiti ya zomangamanga. Ndikati ndilibe, amaseka, amati a bigi nthabwala. Mayi a Chikondi amangoyanika matewera a mwana wa aneba pa boneti ndikakhala ndawakwiyitsa.

Esnart sakudziwa. Ali ku Mgona m'kachipinda kamodzi ka lendi, akudikira pikapu. Ndakhala ndikumuuza kuti mapepala sanatuluke, kenako kuti ili ku galaja akukonza mabuleki. Akandifulasha pafoni ndimachedwa kumuimbira. Ndimachita manyazi, Amayi, ndipo ndikuopa tsiku limene adzasiye kunditcha achimwene ndi mtima wonse.

Sabata yatha ndinamata pepala pageti lakuti galimoto ikugulitsidwa. Lachiwiri kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Area 25, a Chimwaza, mphunzitsi wopuma kumene. Anaizungulira kawiri, anasisita chikopa cha mpando, ndipo nditailiza anatseka maso kumvetsera injini. Boneti sanatsekule. Nkhope yawo ndinaizindikira, inali yanga ya ku Biwi ija. Atafunsa mtengo, ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinawaitane.

"Tigwirizana, abambo. Inuyo muli ndi zingati?"

Anayankha. Anatchula ndalama zawo zonse za penshoni, za zaka zonse zimene anameza fumbi la choko. Zikukwana pikapu, n'kutsalako za petulo ndi tomato woyambira. Anawonjeza kuti akufuna kamodzi kokha adzafikitse akazi awo kumudzi ku Ntchisi osapanikizana ndi matumba a ufa. Abwera Loweruka m'mawa ndi ndalamazo. Esnart naye watumiza uthenga kuti watopa kudikira, abwera Loweruka lomwelo ndi mwana kudzaona pikapu yake.

Ndiye mwaona pamene ndili. Ndikangotseka pakamwa kwa ola limodzi, a Chimwaza atenga galimoto, ine ndithamangira pikapu, ndipo Esnart sadzadziwa kanthu mpaka kale. Giyabokisi idzawafera pa msewu wa ku Ntchisi, akazi awo ali pambali, ine kulibe. Ndikatsegula pakamwa, nditsala ndi theka la munda wanu, ndipo ndiyenera kumuyang'ana mlongo wanga m'maso. Masiku atatu ano ndakhala ndikufunafuna njira yachitatu, koma palibe.

Dzulo ndikupukuta galimotoyi ndinakumbuka diresi lobiriwira lija. Mayi wina analikonda, ndalama anali atatulutsa kale, inu n'kulilanda, kulitembenuza nokha, n'kumuonetsa pong'ambika kukhwapa. Munatsitsa mtengo, ndipo madzulo ake tinadyera masamba opanda mafuta. Ndinakukwiyirani sabata yonse. Ndinkati amayi anga sadziwa bizinesi.

Lachisanu ndikwirira ngalande ija ndi zidutswa za njerwa kuti galimoto ituluke. Loweruka ndiwatenga a Chimwaza tiyende mpaka giyabokisi itenthe, aimve okha ikugwedezeka, kenako tikaime kwa bambo Yusufu kuti mtengo akatchule iwowo. Akaifunabe, atenge pa mtengo umenewo. Akakana, ibwerera kwa nkhuku. Sindikunena izi mokondwa, Amayi, mtima ukukanabe, n'chifukwa chake ndalemba kuti ndisathawe.

Ndikulonjeza kuti funso lija silidzatulukanso pakamwa panga. Koma lamulo lanu lachitatu mundilole ndiliphwanyenso kamodzi. Esnart akakhala pakhonde, mwana wa dzina lanu ali pamiyendo, n'kundifunsa kuti achimwene mwatsala ndi zingati, ameneyo ndimuyankha.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Wyson