Makandulo a Brielle

Toledo, Ohio
11 Meyi 2023

Okondedwa achemwali anga a Rhonda,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku Tucson ndipo bondo la alamu lapola. Ife kuno tikupuma, koma mtima wanga suli m'malo. Musandiseke chonde, ndikuchitira nsanje mwana woti padziko pano kulibe.

Mukukumbuka gulu la ongodzipereka lija analowa amuna anga a Dwayne, losaka zidyamakanda pa intaneti? Iwowo ntchito yawo ndi kunamizira kukhala mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, kumacheza ndi abambo opanda manyazi aja mpaka apemphe okha zokumana, kenako n'kutula zonse kupolisi. Mtsikana wabodzayo ndi Brielle. Dzinalo ndinapereka ndine ndemwe, ndikusenda mbatata, ndili nkuti ndikuthandiza. Sindinadziwe kuti ndikuberekera Tessa wanga m'bale womulanda bambo.

Akuti wonamizira asamaphonyetse kalikonse, apo ayi nyama imathawa. Ndiye a Dwayne amadziwa pamtima dzina la galu wa Brielle, mphunzitsi amene Brielle amadana naye, ngakhale dzino limene likumuwawa. Koma afunseni dzina la mnzake wa Tessa mmodzi yekha, angokanda m'mutu.

Lachisanu lapitali linali tsiku lobadwa la Tessa. Ndinawatuma a Dwayne keke ndi makandulo a manambala aja. Anabwera monyadira, n'kuzika wani ndi firii pakeke, anzake a mwana ali pomwepo.

"Adadi, makandulo awa ndi a ndani?" anafunsa Tessa.

"Ako, mwana wanga, nanga angakhale a ndaninso?"

"Ine ndakwanitsa fotini, adadi."

A Dwayne asanapepese n'komwe, foni ya Brielle inalira m'thumba mwawo, iwo n'kuyamba kusuzumira chitseko cha galaja, kumene amagwirira ntchito yawoyo. Ndinawagwira malaya.

"Mukatuluka pano mundiona," ndinawanong'oneza.

"Darlene, sukulu yaweruka. Brielle akachedwa kuyankha, munthu tikumusaka uja akayikira. Amaphunzitsa ana kusambira ameneyu, ana enieni!"

"Nanga uyu ndi wapulasitiki?"

Anatulukabe. Tessa anazula firii uja n'kuuponya m'sinki, tinayimba nyimbo ndi kandulo imodzi.

Chondipweteka n'chakuti sananame. Munthuyo apolisi anamugwiradi Lolemba, ndipo Mulungu yekha akudziwa ana angati apulumuka. Kutchalitchi azimayi akuwakumbatira, pa intaneti akuwatcha ngwazi. Ine ndikadandaule kwa yani? Mkazi mnzako ukhoza kumulalatira pageti, koma uyu ulimbana naye bwanji? Aliyense angati ndine mfiti yokondera zidyamakanda. Ndimamwetulira nawo, m'kati ndikupsa.

Dzulo a Dwayne anasiya foni ija pafiriji akusamba, ndipo nsanje inandituma kuwerenga. Zonyansa za abambo aja sindikuuzani. Chimene chinandikhalitsa pansi ndi mawu a Brielle, amene amalemba a Dwayne ndi zala zawo: "Adadi anga sandilabadira. Amangokhalira foni. Ndilibe wocheza naye." Nditawafunsa anayankha mosatekeseka kuti imeneyo ndiyo nyambo yabwino, chifukwa zilombo zija zimasankha mwana wosungulumwa. Akudziwa bwino chonchi, achemwali, koma sanakweze maso n'kamodzi komwe kuyang'ana chipinda cha mwana wawo.

Pempho langa ndi ili: mundisungireko Tessa tchuthi chikubwerachi. Wapempha yekha. Sadya zambiri, ndipo amakonda kuthandiza kukhitchini wina akamamulankhula. Muzimulankhula, chonde. Ine nditsala kuno, ndione ngati nyumba ikangoti zii bambo ake angazindikire kuti wasowa ndani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. A Dwayne sanapereke moni chifukwa sindinawauze kuti ndikulemba, ali m'galaja ndi mwana wawo. Tessa akuti moni wambiri kwa azakhali, chikwama walongedza kale ngakhale sukulu sinatseke. Ndamufunsa kuti adzabwerako liti, wandiyankha kuti, "Brielle akadzakula, amami."

Achemwali, chaka chino n'chachitatu Brielle ali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Darlene