Lobedi Inabwerera Yopanda Kanthu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Njuli tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Lachiwiri kunabwera lobedi, chilole chachitali chonyamula makina, muli amuna atatu. Akuti munawatuma ndinu kudzatenga kireni yakale ya malemu ababa, chimakina chonyamulira zolemera chija, kuti akaikonze ku Limbe. Amene ankawalozera podutsa m'munda mwathu ndi alamu athu, amuna awo a Esinati.

Chinandikayikitsa n'chakuti injini sanaitsegule, ngakhale kufunsa chimene chinafa. Dalaivala anangoigogoda ndi sipanala n'kunena kuti, "Imalemera bwanji imeneyi?" Kenaka anakulunga tcheni pagalasi penipeni mpaka linang'aluka, iwo osalabadira. Munthu wofuna kukakonza chinthu amamanga choncho? Ine ndikuona ngati ndi aja ogula zitsulo zakutha.

Ndinati, "Achimwene akanatiuza."

Alamu anati, "Inu alamu, za makina tisiyireni amuna."

Amayi anakoka mkeka, n'kukhala kutsogolo kwa tayala la kireni, n'kuyamba kusenda nandolo. Lobedi inabwerera yopanda kanthu, koma alamu anakwera kutsogolo, akuseka ndi dalaivala ngati odziwana kalekale.

Chonde yankhani msanga, munawatumadi? Mutumizenso mankhwala opaka mwendo aja. Mulungu akusungeni kumeneko. Anthuwo matcheni awo anawasiya pakireni, ndiye abweranso, ndipo amayi sangakhale pamkeka paja tsiku lililonse.

Ndine mlongo wanu,
Mervisi