Madzi a Ton Anatayikira Pansi

Rayong
21 Epulo

Okondedwa achemwali anga a Nuan,

Landirani moni wanga, manja ndaphatikiza. Muli bwanji kumeneko ku Roi Et? Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kugona? Mankhwala opaka amene ndinatumiza aja musawapake pamene pali bala, ndinawerenga bwinobwino malangizo ake. Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno m'thupi tonse tili bwino. Mkazi wanga Malai akadali pantchito yake kusitolo ya mankhwala, ndipo mwana wathu Kaem watalika kuposa mayi ake.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Chifukwa chake mukuchidziwa. Foni ikangolira kwanuko, amayi amaikwatula n'kukweza mawu kuti mudzi wonse umve mwana wawo wa kufakitale ya magalimoto. Zimene ndikufuna kunena si zoti amve aneba.

Ndinakuuzani kuti sindibwera pa Songkran, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, chifukwa cha ntchito. Ntchito kunalibe, achemwali. Fakitale inatseka sabata yonse, ndipo ine ndinali m'nyumba, makatani ali otseka. Ndiloleni ndiyambire kumayambiriro.

Zinthu kuno zakhala zikuipa kuyambira chaka chatha. Mapikapu amene timapanga sakugulidwa ngati kale. Angoti mbwee pabwalo kuseri kwa fakitale, fumbi likuwakwirira. Shifiti yachitatu anaithetsa. Mabasi otitenga m'mawa amabwera mipando yambiri ilibe anthu, ndipo amene alimowo sayankhulana. Kale kukantini sunkamva mnzako chifukwa cha phokoso, lero umamva supuni ikugunda mbale. Aliyense maso ali pa mnzake: wadya ndi ndani, waitanidwa ku ofesi ya pamwamba, watuluka ndi nkhope yotani. Mong, mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa, amati masiku ano ngakhale chimfine munthu amachibisa, kuopa kuti angamuyese galimoto yotha.

Akuluakulu anatiuza kuti laini yakale ya mapikapu idzatsekedwa mvula ikatha, ndipo atsegula yatsopano ya magalimoto amagetsi. Yatsopanoyo sifuna anthu ambiri. Ku dipatimenti yathu, yoona ngati galimoto yatuluka yopanda vuto, atengako theka lokha, ndipo wosankha ndi mkulu wa dipatimenti. Mkulu wathu anapuma pantchito mu Januwale. Ndinkadziwa, ndipo aliyense ankadziwa, kuti mpando umenewo ndi wanga. Ndinagula ndi malaya oyera omwe.

Anaupereka kwa Ton.

Mukumukumbuka Ton? Kamnyamata koonda kamene ndinabwera nako kumudzi chaka chimene tinkafolera nyumba, kamene kanatuluka misozi ndi tsabola wa som tam, saladi ija ya mapapaya ya amayi. Anabwera kwa ine atangotuluka kukoleji, asakudziwa n'komwe kagwiridwe ka choyezera mpata wa chitseko. Ndinamuphunzitsa kumvetsera chitseko chikamatsekeka, ndi kuyendetsa chala pa penti mpaka chipeze pamene diso laphonya. Akalakwitsa ndinkakonza mwakachetechete kuti asakalipiridwe.

Koma iye ali ndi zimene ine ndilibe. Amaseka pa nthawi yake. Amayankhula chinenero cha mabwana ochokera kulikulu, ndipo Loweruka amasewera nawo gofu. Pamsonkhano akafunsidwa amayankha kaye, n'kukafufuza pambuyo. Ine ndimafufuza kaye, ndipo pamene ndikupeza yankho msonkhano watha kale.

Achemwali, sindinkadziwa kuti mumtima mwanga muli zoterezi. Ndinayamba kuona chilichonse. Galimoto yake tsopano imaima pamthunzi, yanga padzuwa. Ofesi yake ili ndi chitseko. Atagula nsapato zatsopano, ndinapita kukaziyang'ana m'sitolo, osati kuti ndigule, kungofuna kuziona. Tikakumana m'khonde m'mawa, amafulumira kuphatikiza manja n'kuyamba iye kundipatsa moni, akunditchulabe Phi Chet, monga mng'ono atchulira mkulu wake. Ine ndinkati akuchitira dala kuti anthu amuone. Ndinayamba kulowera khomo lakumbuyo. Kunyumba Malai anandiuza kuti pa chakudya chamadzulo ndimatchula Ton kuposa mwana wanga, ndipo ngati ndikufuna azimuikira mbale yake.

Tsiku lomaliza tisanatsekere tchuthi, anakonza mwambo wothira madzi m'holo ya kantini, monga chaka chilichonse. Akuluakulu anandandalika pamipando, manja atatambasula pamwamba pa mabeseni a maluwa, ife tikuyenda ndi mawondo, aliyense ndi kambale kake ka madzi onunkhira, kuwathira m'manja ndi kulandira madalitso. Chaka chino pamipando ija panali Ton, nkhata ya maluwa ili m'khosi, pafupi ndi bwana wamkulu wa fakitale.

M'mawa wa tsikulo ndinafuna kudzidwalitsa. Mong anati ndisayerekeze. Anati anthu akubetcherana ngati nkhalamba Chet igwadira mwana wake wa kuntchito, Ton, kapena ayi, ndipo iye wabetcha mabotolo a mowa kuti ndigwada, choncho ndisamumwetse madzi. Kenako anasiya kuseka n'kunena kuti kugwada n'kwa kanthawi, koma laini yatsopano ndi ya zaka. Ndinamumvera. Ndinalowa pamzere. Mawu oti ndinene ndinali nditawaloweza, madzi ndinkathira pang'onopang'ono kuti akwanire onse.

Nditafika pamaso pa Ton, ndisanapendeketse kambale, iye anadzuka. Anakankhira beseni pambali, anavula nkhata ija, anandigwira pachigongono n'kundikhazika pampando pake, iye n'kugwada pansi. Kambale anakatenga m'manja mwanga.

"Phi Chet," anatero mokweza, "zonse zimene ndikudziwa m'fakitale muno munandiphunzitsa ndinu. Si inu wondithira ine madzi. Ndidalitseni."

Anthu anayamba kuwomba m'manja. Mafoni anali m'mwamba. Bwana wamkulu ankagwedeza mutu akumwetulira, maso ali pa Ton, osati pa ine. Mumtima ndinati: watenga mpando, watenga mthunzi, tsopano akutenganso kudzichepetsa kumene ndinavutika nako sabata yonse kuti ndibwere nako ine. Ndinali pampando umene ndinaulota zaka zonsezi, koma ndinaukhalira mobwereka, mwa chifundo cha mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha.

Atapendeketsa kambale, ndinachotsa manja.

Madzi anatayikira pansi n'kunyowetsa mawondo a thalauza lake. Timaluwa toyera tinamatirira pa simenti. Iye anakhalabe chogwada, kambale kali m'manja. Azakhali a Sri, ophika kukantini, anayesa kupulumutsa zinthu. Anati madziwo ayenera kuti akutentha, wina athamangire ayezi. Palibe anaseka. Ndinadzuka, ndinadutsa pakati pa anthu, ndinakalowa m'galimoto yanga.

Sabata yonse ana ankathirana madzi mumsewu wathu, nyimbo zikulira m'mapikapu omwewo amene ndinayeza zitseko zake, ine ndili m'nyumba. Malai sanandikalipire. Anangogula thireyi, makandulo, zofukiza ndi maluwa, n'kuziika patebulo pamalo pamene ndimadyera. Sindinafunse kuti n'zachiyani.

Titatsegulira, ndinazinyamula. Nthawi ya nkhomaliro Ton sanali mu ofesi, kukantini kunalibenso. Ndinamupeza m'galimoto yake akudya yekha mpunga wa m'kabokosi. Ndinagwada pa phula pambali pa chitseko, ndinapereka thireyi ija ndi manja awiri, ndinapempha chikhululukiro. Anatuluka msangamsanga n'kundidzutsa, akuti palibe mlandu, phulalo likutentha.

Anandiuza kuti chikhalireni pampando uja palibe amene amadya naye. Akalowa kukantini anthu amasiya nkhani. Ena amamubweretsera zipatso n'kuyamba kumuuza za ana awo amene ali pasukulu, ndipo iye amadziwa kuti theka la anthu amenewo awasiya. Anati chakudya sichikumulowa. Anati tsiku lija anagwada chifukwa ankafuna munthu mmodzi womudalitsa amene sakumuopa. Ankafunanso kuti mabwana aone ndi maso awo munthu amene wamusankha kukhala wachiwiri wake ku laini yatsopano, amene ndi ineyo.

Ndinamufunsa ngati malowo akadalipo.

"Ndinayesetsa, Phi," anatero. "Ndapita kwa bwana wamkulu, ndabwererakonso. Akuti munthu amene sangalandire madzi pamaso pa anthu sangatsogolere anthu. Zachoka m'manja mwanga."

Analira, achemwali, thireyi yanga ili m'manja mwake. Ine sindinalire. Ndinangoima ndikumuyang'ana mmene misozi ikutsikira mosavuta, mopanda manyazi, ndipo ndinamuchitira nsanje pa zimenezonso. Wandikhululukira bwino kuposa mmene ine ndikanamukhululukira, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa ntchitoyo. Ndakuuzani inu nokha. Malai sindinamuuze mbali imeneyi.

Choncho nditsala ku laini yakale mpaka idzatsekedwe. Za pambuyo pake sindikudziwa. Ndayamba kufunsafunsa m'mafakitale ang'onoang'ono opanga zipangizo ku Chonburi, koma akangomva msinkhu wanga amati adzandiimbira. Kuntchito Mong amadyabe nane, ngakhale amati mowa wa kubetcha kuja wamumaliza chifukwa cha manja anga, pamene iye ankaopa mawondo.

Pempho langa ndi ili. Muwauze amayi inuyo, pang'onopang'ono, atadya kale ndipo atakhala pansi. Muwapemphe asiye kuuza anthu kukachisi kuti mwana wawo akukwezedwa. Akafunsa za Ton, musawauze kuti ndi woipa, chifukwa si zoona, ngakhale kuti ndikanakonda mutawauza choncho. Ndibwera kumapeto kwa mwezi wamawa ndidzawafotokozere ndekha zotsalazo, koma sindikufuna kudzaona nkhope yawo ikumva koyamba.

Ndipo inu, achemwali, munandibereka kumsana, mumandidziwa ndisanadziwe kuvala malaya. Mukamayankha musanditonthoze ayi. Mungondiuza zoona: kodi ndinali wotere kuyambira ndili mwana?

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amalume a Boonlert ngati akumvabe. Amayi muwagwire manja m'malo mwanga. Mukhale ndi thanzi ndi mtendere, ndipo mvula ikugwereni bwino m'munda.

Ndine mlongo wanu,
Chet